Kutchera ndi Kuyang'anira Firewall pa Kompyuta ya Pakhomo

Kompyuta ikalumikizidwa pa intaneti, imatumiza ndi kulandira uthenga kudzera m'zipata zimene akatswiri amazitcha ma port, ndipo manambala ake amafika pa 65,535. Firewall ndi pulogalamu yolondera zipatazi. Imalola kuti mayankho a zimene mwini kompyuta wapempha alowe, koma imabweza uthenga wochokera kunja umene palibe anauitana.

Kuopsa kwa chipata chosatseka kunaoneka mu Meyi 2017, pamene kachilombo ka WannaCry kanafalikira m'makompyuta a Windows m'mayiko pafupifupi 150 kudzera pa chipata 445. Kachilomboka kankatseka mafayilo n'kumafuna dipo, ndipo zipatala zambiri ku Britain zinalephera kuthandiza odwala. Mlembi wa banki mkhonde kapena mphunzitsi amene amasunga kaundula wake pa laputopu angathe kutaya ntchito ya zaka zambiri m'njira yomweyo.

Pa Windows 10 ndi Windows 11, mwini kompyuta alembe Windows Security pa Start, kenako asankhe Firewall & network protection. Pamenepo apeza magawo atatu, Domain, Private ndi Public, ndipo pansi pa lililonse payenera kulembedwa kuti firewall ndi yoyatsa. Gawo la Private ndi la netiweki ya pakhomo imene munthu amaikhulupirira. Gawo la Public, limene limabisa kompyuta kwa anthu ena, ndi loyenera pa Wi-Fi ya pahotela, pasukulu kapena pamalo ena pamene anthu ambiri amalumikizapo.

Kamodzi pa mwezi ndi bwino kutsegula Allow an app through firewall ndi kuwerenga mndandanda wa mapulogalamu amene analoledwa kudutsa. Chilolezo cha pulogalamu imene inasiya kugwiritsidwa ntchito chichotsedwe. Wofuna kutsimikiza angalembe netsh advfirewall show allprofiles mu Command Prompt, ndipo pa mzere wa State payenera kuoneka ON katatu. Zinthu zikasokonekera, batani la Restore firewalls to default limabwezeretsa malamulo oyambirira, ngakhale kuti mapulogalamu ena amafunika kupatsidwanso chilolezo.

Pa Ubuntu, chida chotchedwa ufw chimabwera chozimitsa. Lamulo lakuti sudo ufw enable limachiyatsa, pamene sudo ufw status limasonyeza ngati chikugwira ntchito.

Komabe firewall siletsa kachilombo kobwera pa fulashi kapena mu fayilo imene mwini wake watsegula yekha, choncho iyenera kuyendera limodzi ndi antivirus ndiponso Windows Update. Microsoft inatulutsa chokonzera vuto limene WannaCry inadzera mu Malichi 2017, miyezi iwiri chipwirikiticho chisanayambe, moti amene anachiika msanga anapulumuka. Kampaniyo inasiya kukonza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, kotero amene akuigwiritsabe ntchito ayenera kuganizira zosamukira ku Windows 11 kapena Ubuntu.