Funsani Azakhali: Kodi ndikongole ndalama kuti mwana akaonerere madokotala kunja?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leicester kuno ku England, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wanga woyamba ndi wamkazi, ali ndi zaka 17, ndipo chimene mtima wake ukufuna ndi udokotala basi. Sukulu imamuyendera bwino. Nkhani yavuta ndi kampani ina imene waipeza pa intaneti, yomwe imatenga ana asukulu kupita nawo kuzipatala za ku Africa ndi ku Asia kwa masabata awiri. Akuti kumeneko amalowa m'mawodi, amaonerera maopaleshoni, ena mpaka kuthandiza azamba. Mtengo wake ndi mapaundi oposa 2,000, ya ndege ndi yapadera. Iye akuti anzake a m'kalasi, ena mwa iwo ana a madokotala, ali nazo kale zoti adzalembe pofunsira malo, ndipo akapanda kupita ndiye kuti zake zada. Ine ndalamazo ndilibe. Ndikuganiza zopempha anzanga a chipereganyu kuti ndilandire msanga, yotsalayo ndikongole. Bambo ake akukana, akuti ndi zachibwana, moti m'nyumba muno tikungoonana ndi maso. Kodi ndikamukaniza sindimuwonongera tsogolo? Ndithandizeni.

Mayi wothedwa nzeru, Leicester

Azakhali akuyankha:

Mayiwa asakongole ndalama imeneyi, ndipo chipereganyucho achisiye chiyende monga anapanganirana ndi anzawo. Mwana wawo angathe kulowa sukulu ya udokotala ku Britain osapondako n'komwe pabwalo la ndege. Bambo a mwanayu alondola pa nkhani ya ndalama, koma alakwitsa ponena kuti ndi zachibwana. Mtsikanayu waona anzake amene makolo awo amangoimba foni imodzi n'kuwapezera malo okaonerera kuchipatala, ndiye wachita mantha kuti iye alibe womugwira dzanja. Makampani otere amadyera pa mantha amenewo.

Eni sukuluwo maganizo awo anawalemba poyera. Bungwe la Medical Schools Council, lomwe limaimira sukulu za udokotala za m'dzikomo, lili ndi malangizo okhudza zimene wofunsira malo ayenera kukhala atachitapo. Malangizowo sabisa mawu: sukuluzi kawirikawiri sizilimbikitsa zokaonerera kuzipatala za kunja, chifukwa zimafuna munthu amene akumvetsa m'mene chithandizo cha zaumoyo cha boma, cha NHS, chimayendera, poti ndimo m'mene adzaphunzirire ndi kudzagwira ntchito. Wopita kunja ayembekezere kufunsidwa chimene anapitirako. Chimene iwo amayang'ana ndi chakuti munthuyo anakhalapo pafupi ndi odwala, okalamba kapena olumala, kapena anatumikirapo anthu mwa njira ina iliyonse, ngakhale pa ntchito yolipidwa ya m'sitolo, ndiponso ngati angathe kufotokoza chimene anaphunzirapo.

Zimene zimapatsadi munthu malo ndi zouma, zopanda zithunzi zokongola. Sukulu zambiri zimafuna AAA kapena A*AA pa mayeso a A-level, ndipo Chemistry kapena Biology, nthawi zina zonse ziwiri, ziyenera kukhalapo. Mafomu ofunsira malo amapita kudzera ku bungwe la UCAS pofika pakati pa mwezi wa Okutobala, kawirikawiri pa 15, ndipo munthu amaloledwa kusankha sukulu za udokotala zinayi zokha. Asanatumize mafomuwo ayenera kulemba mayeso a UCAT, amene amalembedwa pa kompyuta pakati pa Julayi ndi Seputembala. Mayeso ena otchedwa BMAT anatha mu 2023, moti UCAT ndiyo yatsala pakhomo, ndipo sukulu zambiri zimandandalika ofunsira malo potengera malikisi ake posankha oti aitanidwe ku intavyu. Kulemba UCAT ku Britain kumadya mapaundi pafupifupi 70, ndipo ana a m'mabanja opeza movutikira amatha kupempha kuti alembe ulere. Apa mayiwa aonetsetse bwino kalendala: tchuthi chimene kampaniyo ikufuna kunyamula mwana wawo ndi chomwecho chimene anzake akhale atagwada pa mafunso a UCAT.

Ku intavyu ndiye kumene ulendo wotere umatha kumutembenukira mwini wake. Sukulu zambiri masiku ano zimagwiritsa ntchito njira ya MMI, imene inayambira ku McMaster University ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Wofunsira malo amayenda m'timagawo tingapo, kalikonse ka mphindi zochepa, ndipo pena amapatsidwa nkhani yovuta kuti aiweruze, pena amakumana ndi munthu wongoyerekezera kudwala kapena kukwiya. Tsono mtsikana wa zaka 17 akaimirira pamenepo n'kunena monyadira kuti anasokapo bala kapena anagwirizira nawo mwana akubadwa, dokotala womufunsayo samva kulimba mtima ayi. Amamva mwana amene sadziwa polekezera, amene anagwira thupi la munthu popanda maphunziro, ndipo sakuona cholakwika. Ku America bungwe la sukulu za udokotala la AAMC linatulutsa malangizo mu 2011 ochenjeza ophunzira za zomwezi, kuti kuchita kunja zimene sanaphunzire kungapweteke wodwala ndiponso kungawatayitse malo amene akufunawo.

Nkhani ya Renee Bach ndi yoti mayiwa ndi mwana wawo aidziwe. Mtsikana wa ku Virginia ameneyu anapita ku Uganda ali ndi zaka 18, wamtima wofuna kuthandiza koma wopanda maphunziro aliwonse a zachipatala. Mu 2009 anayambitsa bungwe la Serving His Children ku Jinja, ndipo malo ake anasanduka kolandirira ana onyentchera kwambiri. Wailesi ya NPR inaulutsa mu 2019 kuti pakati pa 2010 ndi 2015 malowo analandira ana 940, ndipo 105 mwa iwo anamwalira. Ena amene anagwirapo naye ntchito anamuneneza kuti ankachita yekha ntchito za madokotala, monga kuika madiripi ndi kuwonjezera ana magazi. Akuluakulu a zaumoyo anatseka malowo mu 2015. Amayi awiri anakasuma kukhoti mu 2019, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti mu 2020, aliyense atalandira madola pafupifupi 9,500, Bach osavomera mlandu. Iye wakhala akunena kuti anawo ankabwera atadwalika kale ndipo ambiri anapulumuka. Kanema wa HBO wa mu 2023, Savior Complex, anaonetsa mbali zonse ziwiri.

Azakhali sakunena kuti mwana wa mayiwa angafike pamenepo m'masabata awiri. Koma chiyambi chake chimakhala chimodzimodzi: mlendo wovala bwino, chipatala chopanda anthu okwanira, ndi munthu wina wotopa amene wati tangogwirani apa.

Mbali imeneyi mayiwa akuidziwa kuposa mwana wawo, chifukwa anakulira kumene zipatala zake ndi zoterozo. Akumbukire mzere wa pachipatala cha boma kwawo, umene umayamba kusanache, ndi clinical officer mmodzi amene amaona odwala mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kuthamangira ku opaleshoni ya mayi wolephera kuchira. Mphindi iliyonse imene munthu ameneyu akufotokozera mlendo zimene zikuchitika waichotsa kwa wodwala amene ali panja. Ndipo wodwala wakumudzi akaona aliyense wovala chovala choyera amangoti adokotala. Safunsa kuti kodi mwamaliza sukulu, sadziwa kuti ali ndi ufulu wokana kuonereredwa. Ku England mwana wasukulu wokaonerera kuchipatala saloledwa kuchita chilichonse cha udokotala pa wodwala, ndipo wodwalayo amayamba wafunsidwa ngati akulola kuti mlendoyo akhalepo. Kodi mayiwa angalole kuti mng'ono wawo, ali pa ululu m'chipinda chochirira, azunguliridwe ndi ana asukulu amene alipira kuti amuone, mwinanso n'kumujambula? Malamulo alipo kumeneko monga aliri ku Britain. Ku Malawi, mwachitsanzo, lamulo la 1987 linakhazikitsa Medical Council of Malawi, ndipo wogwira ntchito ya udokotala ayenera kulembetsa kumeneko, kaya ndi mbadwa kaya ndi mlendo.

Makampani ena amawonjezerapo tsiku lokacheza kunyumba za ana amasiye. Izinso azisiye. Bungwe la Lumos, limene anayambitsa mlembi J.K. Rowling, lakhala likunena kuti ana pafupifupi 80 mwa 100 aliwonse okhala m'nyumba zotere ali ndi kholo lamoyo, ndipo dziko la Australia mu 2018 linafika poika mchitidwe wosonkhanitsa ana pofuna kukopa ndalama za alendo m'gulu la ukapolo wamakono.

Nanga mtsikanayu achite chiyani? Chodabwitsa n'chakuti chuma chimene akuchifuna kutali chili m'nyumba mwawo momwemo. Amayi ake amasamalira okalamba tsiku ndi tsiku. Amadziwa kudyetsa gogo amene waiwala kumeza bwino, kulankhula ndi munthu amene maganizo ake anasokonekera ndi ukalamba, kuuza achibale zinthu zosasangalatsa popanda kuwaswa mtima. Mayiwa afunse akuluakulu a kuntchito kwawo, kapena a nyumba ina yapafupi, ngati angalandire mwanayu kuti azibwera Loweruka lililonse kudzacheza ndi okalamba, kuwawerengera nyuzipepala, kuwapatsa tiyi. Miyezi isanu ndi umodzi ya zimenezi imalemera kwambiri pamaso pa ofunsa mafunso kuposa masabata awiri a kunja, chifukwa imasonyeza munthu amene amabwerabe ngakhale kukuzizira, ngakhale chidwi choyamba chija chitatha. Mumzinda wa Leicester momwemo muli LOROS, malo osamalira odwala amene matenda awo sangachirenso, ndipo amadalira anthu ongodzipereka. Kulinso St John Ambulance, imene imaphunzitsa achinyamata chithandizo choyamba. Pa intaneti pali Observe GP, imene bungwe la Royal College of General Practitioners linatsegula mu 2020 kuti ana a zaka 16 kupita m'mwamba aziona m'mene madokotala a m'madera amagwirira ntchito, komanso maphunziro ofanana nawo a Brighton and Sussex Medical School. Zonse ziwiri ndi zaulere.

Agule kope. Akachoka kulikonse kumeneko alembe chimene waona, chimene chamuvuta, ndi chimene namwino anachita chimene iye sakanachiganiza, osalemba dzina la wodwala. Kope limeneli ndilo lidzamuyankhire mafunso atatu amene UCAS inaika kuyambira mu 2025 m'malo mwa chimangirizo chimodzi chachitali chimene ofunsira malo ankalemba kale, ndilonso adzadalire pa intavyu.

Pali nkhani ina imene kalatayi sinatchule, koma ndi yaikulu kuposa ulendowo, ndipo mabanja ambiri ochokera kwathu imawadzidzimutsa mochedwa. Ndi nkhani ya mapepala. Ku England, kuti wophunzira alipire fizi ngati mwana wa m'dzikomo, imene mu 2025 inali mapaundi 9,535 pa chaka, kawirikawiri amafunika kukhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo komanso kukhala atakhalamo zaka 3 maphunziro asanayambe. Mwana amene akudalira chiphaso cha ntchito cha kholo lake angathe kuwerengedwa ngati wakunja. Pamenepo fizi ya udokotala m'mayunivesite ambiri imapitirira mapaundi 40,000 pa chaka, ngongole ya boma sapatsidwa, ndipo malo a akunja ndi ochepa zedi, pafupifupi 7.5 mwa 100 aliwonse. Ngati banjali silinakhazikike, kulipira ulendo wakunja kuli ngati kugula mbereko mwana asanabadwe. Mayiwa atenge ziphaso zawo, awerenge malangizo a bungwe la UKCISA, limene limafotokoza malamulo amenewa, ndipo akakambirane ndi mphunzitsi woona za mafomu kusukulu ya mwanayo. Afunsenso za maphunziro a zaka 6 amene anakonzera ana ochokera m'mabanja osapeza bwino. King's College London inayamba zoterezi mu 2001, ndipo University of Leicester nayonso ili ndi chaka choyambira cha mtundu umenewu.

Pomukaniza, mayiwa asangoti ndilibe ndalama, chifukwa mwana adzamva kuti umphawi wa makolo ake ndiwo wamugwetsa, ndipo adzausunga mumtima. Akhale naye pansi, bambo ake ali pomwepo, n'kumuuza kuti alembe yekha makalata ku maofesi olandira ophunzira a sukulu zinayi zimene akuzifuna, kufunsa ngati kukaonerera kunja kungamuwonjezere mwayi. Mayankhowo adzawakhulupirira kuposa mawu a mayi ake kapena a Azakhali.

Chilakolako chake chokaona zipatala za kwina si choipa, changofulumira. Chakumapeto kwa maphunziro a udokotala ku Britain ophunzira amapatsidwa masabata angapo, amene amawatcha elective, oti akaphunzire kuchipatala chimene asankha, ndipo ena amapita ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Kumeneko kuli sukulu ya udokotala imene inatsegulidwa mu 1991, yomwe kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mlendo amakhala ndi omuyang'anira odziwika, sukulu yake ikudziwa kumene ali ndi zimene waloledwa kuchita. Pa nthawiyo mtsikanayu adzakhala atadziwa kumvetsera m'chifuwa, kuyeza mimba, kuzindikira mwana amene wachepa madzi m'thupi. Anzake ochokera ku London ndi ku Glasgow adzafunika womasulira kuti afunse wodwala kuti pakupweteka ndi pati, pamene iye adzafunsa yekha. Koma ngati Chichewa chake chayamba kuzirala, monga zimachitikira ndi ana ambiri okulira kunja, mayiwa asiye kumuyankha m'Chingerezi m'nyumba kuyambira sabata ino.