Kasitima kanga kakale kakukana kuyenda

Funso: Ndinagula kasitima koseweretsa ka Tri-ang Hornby pamsika wa katundu wakale kuno ku Leeds. Ndikakaika panjanji kamangong'ung'udza osasuntha. Kodi kangadzukenso? Nanga masipeya ake ndikawapeza kuti?

Yankho: Musakataye bambo, kung'ung'udzako ndi umboni woti magetsi akufika. Masitima amenewa ankapangidwa ku Margate, ndipo ambiri ali ndi mota ya X04, yolimba zedi, yoyendera magetsi a DC osapitirira mavolti 12.

Kawirikawiri vuto limakhala girizi. Akakhala zaka zambiri amauma gwa, n'kugwira magiya. Tsegulani, mumuchotse ndi kamtengo kotokosera m'mano, mupukute mawilo ndi njanji ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Kenako onani mabulashi awiri a kaboni okhudza commutator ya motayo. Ngati adyeka, sinthani. Timipata ta commutator tikadzaza mwaye, mota imatentha.

Pa mafuta ndiye ndikupemphani ndithu: WD-40 ndi mafuta ophikira ayi. Kadontho kamodzi ka mafuta opangidwira masitimawa, kapansonga ya singano, n'kokwanira pamalo aliwonse. Ndimamva chisoni kuona mota zabwinobwino zitafa chifukwa chosambitsidwa mafuta.

Za masipeya, pezani nambala ya sitimayo yoyamba ndi R, mufufuze service sheet yake pa intaneti, mudziwe nambala ya chipangizo chilichonse. Peter's Spares ku Middlesbrough amagulitsa zambiri, pa eBay ziliponso. Nthawi zina kugula kasitima kena kakufa kofanana nako n'kumachotsako zida kumatchipa.