Kujomba Kusukulu m'Boma la Neno

Neno ndi boma la m'chigawo chakumwera kwa dziko la Malaŵi. Kale dera limeneli linali mbali ya boma la Mwanza, koma m'chaka cha 2003 linakhala boma palokha. Kumadzulo kwake kuli mapiri a Kirk Range ndi malire a dziko la Mozambique, ndipo kum'maŵa kuli mtsinje wa Shire. Kumapiri, m'dera la Mfumu Dambe, kumazizira ndipo anthu amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kuchigwa, cha ku Lisungwi ndi ku Zalewa, kumatentha, ndipo ambiri amaŵeta mbuzi ndi ng'ombe.

Sukulu si chinthu chachilendo ku Neno, pakuti mishoni ya Matandani inayamba kalekale, m'chaka cha 1908. M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu zapulaimale, ndipo chiŵerengero cha ophunzira m'dziko lonse chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Lamulo la maphunziro la 2013 likunena kuti mwana aliyense ayenera kuphunzira sukulu yapulaimale. Komabe alipo ana amene maina awo ali m'kaundula wa sukulu pamene eni ake saoneka m'kalasi tsiku ndi tsiku. Kumeneku ndiko kujomba.

Zifukwa zojombera ndi zambiri. Mwana wina amadwala malungo. Wina nyumba yakwawo ili kutali ndi sukulu, kuseri kwa phiri kapena kutsidya kwa mtsinje. Nthaŵi ya dzinja mitsinje monga Lisungwi ndi Wamkulumadzi imadzaza ndi kukokolola maulalo. Mwana amene wabwerera chifukwa mtsinje wadzaza sanalakwe konse. Wachita mwanzeru, ndipo mphunzitsi wabwino samukalipira.

Koma kulipo kujomba kwina kumene kukhoza kupeŵedwa. Pa nyengo ya manachesi, ana ena amatumidwa kukagulitsa zipatsozo pamsika kapena m'mbali mwa msewu. Ena amathandiza kusenza makala, kuŵeta ziŵeto, kulera mwana, kapena kugwira ganyu m'minda ya anthu pamene chakudya chasoŵa panyumba. Makolo ena amati, "Ungojomba lero lokha, maŵa upita." Aliponso ana amene amanyamuka kwawo atasamba ndi kunyamula makope, koma m'njira amapatukira kokaonera kanema kapena kokaseŵera mpira. Masana amabwerera kunyumba limodzi ndi anzawo ngati kuti nawonso achokera kusukulu. Makolo a ana otere amatenga nthaŵi yaitali asanazindikire chimene chikuchitika.

Tsiku limodzi limaoneka laling'ono, koma maphunziro amayenda ngati kumanga khoma: njerwa ya lero imakhala pamwamba pa njerwa ya dzulo. Tiyerekeze kuti Lolemba mphunzitsi wa Sitandade 5 waphunzitsa njira yogaŵira nambala zikuluzikulu. Lachiŵiri wapereka masamu ochokera pa njira yomweyo. Mwana amene sanabwere Lolemba amangoyang'ana pabolodi osamva kanthu. Akafunsidwa funso amalephera, anzake n'kumuseka, iye n'kuchita manyazi. Lachitatu safunanso kupita, ndipo nthaŵi ino palibe amene wamutuma kumsika. Kalasi limeneli ndi lovutirapo chifukwa maphunziro ambiri amaphunzitsidwa m'Chingerezi, choncho wotsalira amavutika paŵiri: phunziro lenilenilo ndiponso chiyankhulo. Akalephera mayeso a kumapeto kwa chaka amabwereza kalasi. Akabwereza kaŵiri amadziona kuti wakula pakati pa ana aang'ono, ndipo amasiyiratu sukulu. Mtsikana wotere kaŵirikaŵiri amakwatiwa msanga, ngakhale kuti kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Chida choyamba cholimbana ndi kujomba ndi kaundula. M'maŵa uliwonse mphunzitsi amaitana maina, ndipo amaika chizindikiro pa dzina la amene palibe. Dzina likasoŵa masiku angapo, mphunzitsi wamkulu amatumiza uthenga kwa makolo. Zikapanda kusintha, nkhani imapita ku komiti ya sukulu kapena ku gulu la amayi oyang'anira ana. Amayi ameneŵa amayenda mpaka kunyumba kwa mwanayo, nakhala pansi ndi makolo ake kuti amve chimene chavuta. Nthaŵi zina vuto limapezeka kuti ndi laling'ono, monga kusoŵa kope kapena sopo wochapira zovala. Mafumu ambiri m'Malaŵi anakhazikitsanso malamulo a m'midzi, ndipo kholo loletsa mwana kupita kusukulu limalipitsidwa chindapusa, monga nkhuku kapena mbuzi.

Phala nalonso limakopa ana. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake m'Malaŵi m'chaka cha 2002, ndipo limapereka phala m'sukulu zambiri. Amayi a m'midzi amadzuka mbandakucha kukaphika popanda malipiro. Mwana amene wachoka kwawo ndi njala amadziŵa kuti akafika kusukulu akamwa phala.

Amene anasiya kale sukulu sanatsekeredwe khomo. Kuyambira m'chaka cha 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya chifukwa cha pakati kubwerera akabereka. Wobwerera wotere amafuna anzake omulandira bwino. Mnzake wokhala naye pafupi angathe kumubwereka kope kuti akopere zimene zinamupita, ndi kumudutsira m'maŵa kuti ayendere limodzi.

Mafunso

1. Kodi Neno inakhala boma palokha m'chaka chiti?
2. Tchulani mitsinje iŵiri imene imavutitsa ana a sukulu nthaŵi ya dzinja.
3. N'chifukwa chiyani mwana amene wabwerera pamtsinje wodzaza sanalakwe?
4. Fotokozani m'mene kujomba tsiku limodzi kungachititsire mwana kusiya sukulu.
5. Kodi gulu la amayi limachita chiyani mwana akasoŵa m'kalasi?

Ntchito

Pangani ziganizo ndi mau aŵa: kaundula, chindapusa, mbandakucha, kupatuka, ulalo.