Kupopa matumbo ngati chubu: momwe CT imapezera khansa isanakule

M'kalasi tinaphunzira kuti X-ray ndi mtundu umodzi ndi kuwala, kungoti mafunde ake ndi aafupi kwambiri moti amadutsa m'thupi. Wilhelm Röntgen anaitulukira mu 1895. Fupa limatchinga cheza chambiri, n'chifukwa chake limaoneka loyera pachithunzi. Nanga matumbo, omwe ndi mnofu wofewa okhaokha, tingawaone bwanji?

Apa ndi pomwe pamalowera makina a CT. M'malo mojambula mbali imodzi, gwero la X-ray limazungulira munthu atagona, ndipo kompyuta imawerengera cheza chomwe chatayika panjira iliyonse. Zithunzi zake zimatuluka ngati buledi wodula masilayisi. Masamu ake anawapanga Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, pomwe Godfrey Hounsfield anapanga makinawo, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979.

Komabe vuto lilipo. Khansa ya m'matumbo akulu nthawi zambiri imayamba ngati kachotupa kakang'ono, kotchedwa polyp, kamene kamatha zaka pafupifupi 10 kasanasanduke khansa. Kachotupako ndi mnofu, khoma la thumbo ndi mnofunso. Ziwirizi zimatchinga cheza mofanana.

Taganizani za chubu cha kabaza pa Mpingu. Chikaphwa, makoma ake amamatirirana, ndipo kamwala kali mkatimo simungakaone. Madokotala nawo amayamba atsuka m'mimba ndi mankhwala, kenako n'kupopera mpweya wa carbon dioxide m'thumbomo. Pa sikelo ya Hounsfield madzi ali pa 0, mnofu uli pamwamba pang'ono, koma mpweya uli pa -1000. Kusiyana kumeneku ndiye nkhani yonse: mpweya umada bii, kachotupa n'kuonekera poyera ngati chulu pabwalo. Njirayi imatchedwa CT colonography.

Koma CT imangoona, sichotsa. Akapeza kachotupa, pamafunikabe colonoscopy, kamera yolowa ndi kapaipi, kuti akadule. Komanso X-ray ikachuluka imatha kuwononga maselo, ndiye sajambula munthu mwachisawawa. Ku America amalangiza kuyamba kuyezetsa pa zaka 45 ngakhale munthu asakumva kalikonse.

Kuno kwathu odwala khansa ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Mwina kunyumba kuli agogo kapena amalume amene akuona magazi m'chimbudzi kwa masabata angapo, akuonda osadziwa chifukwa, koma akungoti ndi kamwazi. Musaope, auzeni mwaulemu kuti apite kuchipatala chapafupi. Achipatala akakayikira, amatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kuli akatswiri.

Funso la sabata ino: wodwala amajambulidwa kawiri, atagona chagada kenako chafufumimba. Ngati m'thumbo mwatsala timadzi, mphamvu yokoka ya dziko ikuthandiza bwanji pamenepa?