Phunziro 12: Kuŵerenga Manambala a Galimoto

Pa chipata cha Mwanza pamadutsa magalimoto ambiri ochokera ku Japan. Ena amatsika m'sitima ku Durban, nadzera ku Zimbabwe, ku Tete ndi ku Zobue. Ambiri ndi akale, koma amaoneka ngati atsopano.

Mlimi wina wa manachesi ku Thambani anasunga ndalama zaka zisanu kuti agule galimoto. Tsiku lina mwana wake anabwera ndi chithunzi pa foni.

"Bambo, taonani iyi! Ndi Nissan 350Z. Mtengo wake watsika."

"Ndi yokongoladi, mwana wanga. Koma bwera nayo kuno, ndiŵerenge ndekha zimene alembazo."

Tiyeni nafenso tiŵerenge pamodzi ndi bamboŵa.

Dzina ndi chaka

Ku Japan galimotoyi amaitcha Fairlady Z. Inayamba kugulitsidwa mu 1969, ndipo kunja kwa Japan inkatchedwa Datsun 240Z. Mtundu wa 350Z unatuluka mu 2002. Lero papita zaka zoposa 20.

Mitundu iŵiri

Wina uli ndi denga lachitsulo. Wina, umene unatuluka mu 2003, uli ndi denga lansalu lopinda kumbuyo. Nsaluyo ikakalamba imang'ambika, ndipo nthaŵi ya dzinja mvula imaloŵa. Mitundu yonse iŵiri ili ndi zitseko 2 ndi mipando 2 basi.

Injini

Pa pepala alemba 3498 cc. Kumbukirani kuti 1000 cc ndi lita imodzi. Tsono injini imeneyi ndi ya malita pafupifupi 3.5, ndipo nambala ija ya 350 ikunena zomwezo. Uku ndi kukula kwa injini, si kukula kwa thanki ai. Injiniyi ili ndi masilinda 6, ndipo mphamvu yake imapita ku matayala akumbuyo. Ina ili ndi magiya 6 osintha ndi dzanja, ina magiya 5 osintha okha.

Tiyerekeze ndi Toyota Sienta, ija imanyamula anthu m'misewu yathu. Injini yake ndi ya 1500 cc, masilinda 4, mipando 7. Injini yaikulu imathamanga, koma imamwa petulo wambiri. Ndiponso pa chipata a MRA amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimoto poŵerengera msonkho.

Bambo aja atatha kuŵerenga anati, "Mipando iŵiri yokha? Nanga mayi ako akhala pati? Madengu a manachesi tiika pati? Galimotonso ndi yotsika chotere, pa msewu wafumbi wa kwathu kuno idzakhula pansi."

Mwana uja anangoti, "Zoona, Bambo. Ine ndinangoona maonekedwe."

Galimotoyi si yoipa ai. Anaipangira liŵiro pa msewu watala, osati katundu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanatulutse ndalama zanu, yambani mwaŵerenga.

Mafunso

1. Kodi 350Z ili ndi mipando ingati?
2. Kodi 1500 cc ndi malita angati?
3. Kuchokera mu 1969 kufika mu 2002 panapita zaka zingati?
4. Kambiranani: ndi galimoto yotani ingathandize mlimi wa kwanu?
5. Lembani m'kope mwanu zinthu zitatu zofunika kuŵerenga musanagule galimoto.