Kuika hood pamalo odyera: utsi umafuna njira yotulukira panja

Malo ambiri odyera a m'misika ya Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu ndi kachipinda kamodzi: kutsogolo mabenchi a makasitomala, kumbuyo mbaula ziwiri kapena sitovu ya gasi, pakati nsalu yotchinga kapena khoma lalifupi. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, utsi ndi nthunzi ya mafuta zimadzaza chipinda chonse. Kasitomala amene wabwerera ku ofesi malaya akununkha mafuta okazingira chipisi sadandaula kwa mwini malo. Mawa lake amangokadya kwina.

N'chifukwa chake eni malo ena ayamba kuika hood, chitsulo chooneka ngati chisoti chachikulu chimene chimapachikidwa pamwamba pa chophikira. Ena amagula yopangidwa kale m'masitolo a zipangizo zamagetsi, ena amakhometsa kwa amisiri owotcherera zitsulo. Zonse ziwiri zimatha kugwira ntchito. Koma hood payokha imangosonkhanitsa utsi pamalo amodzi. Chimene chimauchotsa m'nyumba ndi paipi yopita panja, ndipo apa m'pamene ndalama za amalonda ambiri zimalowa m'madzi.

Asanagule chilichonse, mwini malo aganizire zimene amaphikira. Hood za m'masitolo zinapangidwira sitovu ya magetsi kapena ya gasi ya pakhomo, yophikira banja limodzi. Zambiri mwa izo zikhoza kuikidwa popanda paipi: zimakoka mpweya, kuudutsitsa m'sefa yakuda yochepetsa fungo, n'kuubwezera m'chipinda momwemo. Wogulitsa amaiyamikira njira imeneyi chifukwa safunika kuboola khoma. Pa bizinesi ndi yosathandiza. Kutentha ndi chinyezi zimatsala m'khitchini, ndipo sefa yakudayo sichapidwa, imafuna kugula ina pakapita miyezi yochepa.

Kwa wophikira makala, njira imeneyi ndi yoopsa kumene. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo sefa ya hood siugwira. Wophika akamadandaula mutu, chizungulire ndi nseru madzulo aliwonse, kawirikawiri anthu amati ndi kutopa kapena malungo, pamene mwina ndi mpweya umenewu. Mbaula imafuna hood yachitsulo yokhaokha, yopanda pulasitiki, yokhala ndi chumuni yoongoka yotulukira pamwamba pa denga. Utsi wotentha umakwera wokha m'chumuni yotere, choncho magetsi a ESCOM akazima pakati pa kuphika, utsi umapitirizabe kutuluka. Fani ikhale yongothandizira, chifukwa khitchini yodalira fani yokha imabanika nthawi iliyonse magetsi akathima.

Msinkhu wopachikira hood uli ndi muyezo wake. Opanga ambiri amalamula kuti kuchokera pamwamba pa sitovu kufika kunsi kwa hood pakhale masentimita osachepera 65 ngati sitovuyo ndi ya magetsi, ndi masentimita pafupifupi 75 ngati ndi ya gasi. Ngati kabuku kobwera ndi hood kakunena muyezo wina, wa m'kabukuwo ndiwo wotsatira. Ikatsika kwambiri, malawi amafika pa sefa yodzaza mafuta. Ikakwera kwambiri, utsi umamwazika usanafike pakamwa pake. Amisiri ena amaikweza mpaka kufupi ndi denga kuti wophika asamagunde mutu, ndipo zikatero imasanduka chokongoletsa chabe.

M'lifupi namo musachepe. Utsi ukamakwera umatambasuka, choncho hood ya pabizinesi iyenera kupitirira chophikira ndi masentimita pafupifupi 15 mbali iliyonse. Chiwaya chotambalala mita imodzi chimafuna hood ya mita imodzi ndi masentimita 30. Chophikira chikhalenso chotsamira khoma, kutali ndi chitseko, poti mphepo yodutsa imaulutsa utsi usanakoledwe.

Tsopano paipi. Hood zambiri za m'masitolo zili ndi potulukira potambalala masentimita 15, kapena kuti mainchesi 6. Mmisiri akapeza kuti ali ndi paipi ya masentimita 10, amangoilumikiza n'kumata m'mbali, n'kunena kuti kusiyana kwake ndi kochepa. Si kochepa ayi. Malo odutsa mpweya m'paipi ya masentimita 10 safika ngakhale theka la malo a m'paipi ya masentimita 15. Fani imayamba kulira kwambiri, imatentha, utsi n'kumabwerera m'chipinda. Mwini malo amaganiza kuti anagula hood yabodza, chonsecho vuto ndi paipi.

Paipi yabwino ndi yachitsulo, yosalala m'kati, yaifupi ndiponso yoongoka. Pokhota paliponse pamachepetsa mphamvu ya mpweya, ndipo pamakhala posungira mafuta. Paipi ya pulasitiki ya madzi imafewa ndi kutentha ndipo ikhoza kuyaka. Yamakwinya yopindika ija ndi yosavuta kuika, koma khwinya lililonse limasunga mafuta amene palibe angawatsuke. Chigawo chachitali chogona chopingasa nachonso chimachita dziwe la mafuta amene pambuyo pake amadontha m'malo olumikizira, nthawi zina m'mphika momwe.

Cholakwa chachikulu kuposa zonse n'kusiya paipi m'siling'i. Utsi umasowa m'maso, mwini malo n'kulipira mosangalala, koma mafuta ndi mwaye zikungounjikana pa matabwa a denga ndi pa mawaya a magetsi. M'misika, momwe mashopu amagundana makoma ndi madenga, moto woyambira pamalo otere suthera pa shopu imodzi. Paipi iyenera kutulukira kunja kwenikweni. Podutsa padenga isakhudze thabwa, pakhale mpata wotchingidwa ndi lata, ndipo pamatidwe bwino kuti pasadonthe m'dzinja. Chumuni ipitirire msonga ya denga ndi masentimita pafupifupi 60, pamwamba pake pakhale kachipewa kotchinga mvula. Yotulukira pakhoma isaloze pawindo la mnzake, makamaka ngati mnzakeyo amagulitsa kaunjika kapena nsalu, chifukwa mlandu wake ukafika kwa mkulu wa msika.

Pali chinthu china chimene sichifuna ndalama koma chimaiwalika. Mpweya umene hood ikutulutsa uyenera kulowa m'malo mwake ndi wina. M'chipinda chotsekedwa ponseponse fani imangozungulira popanda chokoka, ndipo ngati muli mbaula ina yokhala ndi chumuni yake, fani ikhoza kukoka utsi wa m'chumunimo kuubwezera m'nyumba. Windo lotsegula kapena njerwa zobooka kumbali yotalikirana ndi chophikira zimathetsa vutoli.

Mphamvu ya fani imalembedwa pa bokosi lake: kuchuluka kwa mpweya umene imatulutsa pa ola, m'makyubiki mita. Khitchini ya mamita 3 m'lifupi, 4 m'litali ndi 2.5 msinkhu imakhala ndi makyubiki mita 30. Pakhomo mpweya umafunika kusinthidwa pafupifupi ka 10 pa ola, ndiye kuti fani ya 300. Pamalo pokazinga tsiku lonse pamafunika kuwirikiza kawiri kapena katatu. Kafani ka pulasitiki ka m'bafa sikangapirire mafuta ndi kutentha kwa pachiwaya.

Za magetsi azigwire wamagetsi wachiphaso, osati wowotcherera yemweyo. Hood ndi chitsulo, wophika amaigwira ndi manja onyowa, choncho waya wa earth uyenera kulumikizidwa, ndipo mawaya onse adutse kutali ndi moto. Kwa amene akuchita lendi, ndi bwino kugwirizana ndi mwini nyumba kapena akhonsolo asanaboole khoma kapena denga, n'kulemberana kuti hood idzakhala ya yani tsiku losamuka.

Ikaikidwa, ntchito imatsala pa sefa yachitsulo. Pamalo pokazinga kwambiri iyenera kuchotsedwa ndi kuviikidwa m'madzi otentha a sopo kamodzi pa sabata, kapena kuposa apo. Hood yokhometsa ikhale ndi kangalande m'mphepete ndi kachitini kolandira mafuta, ndipo paipi ikhale ndi potsegula potsukira. Mafuta a m'chiwaya akayaka, fani izimitsidwe msanga kuti isakokere malawi m'paipi, chiwaya chivundikiridwe ndi lata kapena chivundikiro chachitsulo. Madzi asathiridwe, amamwaza moto.

Pokambirana mtengo, mmisiri alembe padera mtengo wa hood, wa paipi pa mita, wa fani, wa kachipewa ndi wa ntchito, chifukwa mtengo wophatikiza umabisa pamene wachepetsa zipangizo. Gawo lomaliza la ndalama lidikire mayeso. Fani ikayatsidwa, pepala la m'kope loikidwa pa sefa liyenera kumatirira lokha osagwa. Kenako mbaula zonse ziyatsidwe ndi mafuta atenthetsedwe monga zimakhalira nthawi ya nkhomaliro, munthu mmodzi aime panja kuona ngati utsi ukutuluka pachumuni, wina akhale pa benchi ya makasitomala.