PHUNZIRO: MALIRE NDI MALO OBWEREKANA

Tiwerenge Deuteronomo 19:14 ndi Miyambo 23:10-11.

Amayi anzanga, mlandu wa malire umayamba pang'onopang'ono. Chaka chino mnansi wadyako mzere umodzi, chaka chamawa wina, kenaka khonje amene agogo anadzala m'malire wazulidwa. Ife tili chete, kuopa kutchedwa olongolola. Mulungu analetsa Aisraeli kusuntha malire a mnzawo, ndipo Miyambo ikutchula munda wa ana amasiye, poti iwo alibe wowalankhulira.

Kukhala chete kotereku kungatitayitse malo. Pa malo olembedwa m'kaundula wa boma, monga mapoloti ambiri a m'tauni, lamulo la Registered Land Act limalola munthu amene wakhala pamalo a mwini zaka 12, poyera, mwamtendere, mosadukiza ndiponso popanda chilolezo, kupempha kuti malowo alembedwe m'dzina lake.

Tigwire bwino nkhani ya chilolezoyi. Munthu amene munam'bwereka malo sangadalire lamuloli. Koma mudzatsimikiza bwanji kuti anachita kubwereka, ngati anagwirizana pakamwa ndi bambo a kunyumba ndipo bambowo anatisiya? Amayi amasiye amalirira pamenepa. Pobwereketsa malo, ngakhale kwa mlamu kapena mkhristu mnzathu, lembani kapepala, musainirane pamaso pa mboni. Ena amati kutero n'kusakhulupirirana. Ine ndimati n'kuchitira chifundo ana a mbali zonse ziwiri.

Lamulo la zaka 12 silikhudza malo a makolo a kumudzi. Kumeneko lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo: a gulupu ndiwo wapampando, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera 3 akhale amayi. Tikasankhidwa tisakane.

Nanga ngati amene tikulima pamalo a mwini ndife? Zaka zingathe kukwana, khoti n'kutipatsa. Komabe mumtima timadziwa tsiku limene tinabwereka, ndi amene anatibwereka.

Tikambirane m'magulu:

1. Kodi ana athu amadziwa pamene malire a munda wathu adutsa? Ndani anawaonetsa?

2. Mayi wamasiye wa mumpingo mwathu akulandidwa mizere ndi mnansi amenenso timapemphera naye. Tiyambire kwa yani: kwa mnansiyo, kwa abambo ansembe kapena kwa amfumu?